Tepi ya Mkazi Wachiwiri

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Lisungwi tilipo ndithu. Akazi a achimwene a Laisoni anatipatsa mphatso ya mwana wamkazi mwezi wathawu, ndipo mphuno ndi yanu yeniyeni, ngakhale akuchikazi akukana. Chimanga chinapserera ndi ng'amba, koma nandolo watipulumutsa. Mbuzi yanu yamawanga ija sinasiye kuba, dzana inalowa m'dimba la anesi, ine n'kukapepesa ngati wadya masambawo ndine. Ana onse ali pasukulu poti tsopano ndi yaulere, ngakhale akuphunzirira pansi pa mtengo.

Nyumba yathu yoonetsera kanema ikuyendabe, jenereta ikutsokomolabe. Anthu sanatope ndi sewero lija la matepi ambirimbiri limene achimwene anabwera nalo kuchokera ku Joni. Chiyankhulo chake mpaka lero palibe amachimva. Inunso simunkachimva, koma munkaima pambali pa sikirini n'kumatanthauzira anthu molimba mtima, ndipo maina amene munawapatsa anthu a m'seweromo anakhazikika: a Chimimba ndi akazi awo a Nachisale. Ntchito imeneyo ndinatenga ine, ndimangobwereza mawu anu.

Nkhani imene ndakhala ndikuizungulira ndi iyi. Amalume anawasudzula abambo mwamwambo, ndipo abambo anakwatira. Mayiwo ndi a Rozina a ku Luwani, mmodzi mwa aja anatsala anzawo atabwerera ku Mozambiki nkhondo itatha. Ndi munthu wofatsa, amandipatsa moni atanyonyomala ngati wamkulu ndine. Musandifunse chifukwa, koma kufatsa kwawoko ndi kumene kumandipsetsa mtima.

Sabata yatha abambo anandiuza kuti a Rozina sanaonerepo sewero lathuli, ndiye ndiwasankhire tepi yoyambira. Ndinakumbukira zimene munkanena mukamapukuta matepi ndi nsonga ya chitenje: "Mlendo usamuyambitse ndi tepi yoyamba, agona. Muikire pamene anthu akukangana, asankhe wake, mawa abweranso yekha." Ndikanatha kuika ya ukwati, ija keke imagwera m'fumbi. Ndikanatha kuika ija a Chimimba amabisala m'khola la nkhumba, imene ngakhale abusa amaseka mpaka misozi. Koma ine, mwana wanu, ndinatenga tepi ya mkazi wachiwiri, ija a Nachisale amataya zovala za mtsikana uja panja mvula ikugwa. Ndinaisankha mwadala, Amayi.

Loweruka masana nyumba inadzaza, ndipo a Rozina ndinawakhazika pabenchi yakutsogolo. Mukukumbukira zimene munkachita pofika pa zovala paja? Anthu akayamba kuseka munkagwira m'chiuno n'kuwatembenukira: "Mukuseka chiyani inu? Mtsikanayu anadzifunsira yekha banja? Nayenso ali ndi amake!" Nyumba yonse inkangoti zii. Mawu amenewo ndinali nawo pakamwa, sindinawaiwale ayi. Koma ndinawameza, n'kukweza mawu kuti, "Apa malemu amayi ankati, achoke, nyumba ili ndi mwini wake!"

Achinyamata anakuwa mokondwa. Koma a Nambewe ogulitsa matimati, amene anaonera tepi imeneyi ndi inu kambirimbiri, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunyamuka kutuluka. Abambo anali kuseri akulimbana ndi jenereta, sanamve chilichonse. A Rozina anaonera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo, ndipo potuluka anandithokoza.

M'mawa mwake tinakumana pamjigo. Ananditula ndowa, kenako anandifunsa motsitsa mawu, "Amayi anu akanakhala kuti akuona, sakanandifuna pakhomo pano, eti?" Ine ndinangoyang'ana madzi. Chiyambire tsiku limenelo sakhudzanso mapoto anu, akuphikira m'kasefuliya kamene anabwera nako kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo. Dzulo anauza abambo kuti akufuna akaone anzawo ku Luwani, koma ndaona mmene amangira katundu. Munthu wokacheza satenga mphasa. Abambo angokhala pakhonde osamvetsa chimene chalakwika, ndipo ayambiranso kusiya chakudya m'mbale monga ankachitira mutangotisiya.

Ndikuchita manyazi, Amayi, ndipo mtima ukundiwawa. Kuwapweteka a Rozina ndi kulakwa kumodzi, koma ndinawapwetekera m'dzina lanu. Inu amene munkawapatsa madzi ndi zitumbuwa amayi othawa nkhondo akamadutsa apa ndi mitolo ya nkhuni, lero mmodzi wa iwo akukudziwani ngati munthu wouma mtima, chifukwa cha pakamwa panga. Munthu wamoyo akamunamizira amapita kukadziyankhira. Inu simungathe, ndipo ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkayankhula.

Akuti anyamuka mawa ndi minibasi yoyamba. Ndikawadikirira pamsewu, ndikawagwadira pamaso pa anthu, ndikawauze kuti mawu aja anali anga. Akavomera kubwerera, Loweruka ndiikanso tepi yomweyo, ndiwaitane a Nambewe akhale mboni, ndipo pofika pa zovala paja ndinena zimene munkanena inu, liwu ndi liwu. Akakana, ndinenabe, benchi yakutsogolo ili yopanda munthu. Ili ndi lonjezo langa kwa inu.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri. Mundikhululukire.

Ndine mwana wanu,
Esinati