Mawu a Amalume Fikri

Shubra, Cairo
9 Novembala

Okondedwa achemwali Ibtisam,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Muscat kuko. Ife kuno tilipo, kungoti bondo la amayi layambiranso. Mankhwala munatumiza aja anafika, akuthokoza.

Munafunsa za filimu yathu ya katuni ija. Yatsala pang'ono kutha. Ine ndikadali mawu a Marzuk, kamnyamata kofufuza amene akuba nkhunda pamadenga. Ntchembere ya ana awiri, tsiku lonse kulira ngati kamwana m'kachipinda kotseka! Musaseke, n'zimene zikutidyetsa.

Koma mtima wanga suli m'malo. Mukuwakumbukira amalume Fikri, mkulu wa mawu aakulu uja ankatigulira mtedza ku nyumba ya wailesi tili ana? M'filimuyi wakuba nkhundayo ndi iwowo. Mwezi watha anachita sitiroko. Ndinakawaona Lachisanu, ankangondiyang'ana. Akazi awo akuti chigwereni sanatulutseko liwu.

Pantchito yathuyi aliyense amajambula yekha, anzake akuwamvera m'makutu. Lolemba nditavala zomvera zija kuti tijambule gawo lomaliza, ndinangomva amalume Fikri akumuopseza Marzuk, ndi kachifuwa kawo komwe. Chonsecho gawolo linalembedwa iwo ali kale m'chipatala. Nditafunsa a Bahgat, otitsogolera, anati ndi kompyuta, yaphunzira pa zimene anajambula kale, ndipo banja silinadandaule. Lidandaula bwanji poti akazi awo sakudziwa n'komwe?

Ndiye dzulo a Bahgat omwewo anandiitanira pambali, tiyi ali m'manja.

"Mayi Tahani, Lachinayi mubwere. Palibe zowerenga. Mudzangoseka, mulire, mukuwe, munong'one. N'zongosunga basi."

Ndinanamizira kuti pakhosi pakundikanda. Iwo anamwetulira, n'kunena kuti ngati zili choncho m'pofunika kufulumira.

Ndikakana, atsikana ofuna malo anga adzaza khonde. Ndikavomera, adzandifuniranso chiyani? Ndikuopa, achemwali. Amayi sindinawauze, nanunso musawauze. Musadabwenso kuti ndalemba kalata. Chiyambire Lolemba lija sindikufuna kujambula mawu ngakhale pafoni.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Filimuyo ikafika kumeneko mudzapite nawo, ndi yokoma ndithu. Koma Marzuk akadzayankhula, musadzafulumire kuwauza kuti ndi mayi awo aang'ono. Mudzayambe mwandifunsa.

Ndine mng'ono wanu,
Tahani