Nsapato Imodzi ya a Dombrowski

Milwaukee, 9 Malichi 2014

Okondedwa Ababa,

Landirani moni wochokera kuno kozizira. Kaya inu mwadzuka bwanji kumeneko ku Belzoni? Ndafunsa dala m'kalata, chifukwa pafoni ndimakudziwani. Mumangoti muli bwino, basi mwapatsira kale azakhali a Earline ngati foniyo ikukuwotchani m'manja. Kalata ilibe wompatsira. Valani magalasi, khalani pakhonde, muwerenge mpaka pansi. Ine ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chatikwana, ndipo kagalimoto kanga m'mawa uliwonse kamafuna kukanyengerera.

Ababa, ntchito ija andilemba! Mwana wanu Vernice tsopano ndi namwino wa boma pa chipatala cha asilikali akale. Ndikulemba pano mtima ukudumphabe. Kudikira kwake ndiye musanene. Anandidinda zala, anafufuza mbiri yanga yonse, mpaka ndinkaganiza kuti afika kwanu komweko kudzafunsa abusa ngati ndinkaba mapichesi ndili mwana. Foni yawo inandipeza ndili kuntchito yakale ija, kunyumba yosungira okalamba. Ndinakuwa mpaka mayi wina wachikulire anataya supuni, n'kundifunsa ngati ndapeza mwamuna. Ndinawauza kuti ndapeza amuna chinyumba chonse, ambiri opanda mano.

Lolemba lapitali anatiimika kutsogolo kwa mbendera, tinakweza dzanja lamanja n'kulumbira. Pakati pa malumbirowo ndinakumbukira kuti inunso munakwezapo dzanja chonchi muli kamnyamata. Chipatalacho n'chachikulu moti ndimasocherabe. Dzulo ndikufuna kodyera ndinakatulukira kochapira zovala.

Koma ndikuuzeni mmene zinayendera tsiku limene anandiitana kukandifunsa mafunso, chifukwa inu mulimo m'nkhaniyi. Mkulu wa anamwino ndi Mayi Gajewski, wamfupi, wa imvi, tsitsi lometa. Nayenso anali msilikali, ndipo kumwetulira sakudziwa. Atangondiyang'ana, mayankho onse amene ndinaloweza anauluka. Ndinkangobwebweta. Pomaliza ndinadziuza kuti basi Vernice, zako zada, bwerera ukapitirize kudyetsa anthu phala.

Pondiperekeza tinadutsa m'wodi, ndipo dokotala wina anamuimitsa kuti amufunse kanthu. Ine ndinaima pambali ndi chikwama changa. Pafupi ndi windo panali bambo wina wachikulire atagona tulo panjinga ya olumala, bulangete pamiyendo, akutsetsereka pang'onopang'ono moti akanagwera pansi. Sindinaganize n'komwe. Sindinapite kuphewa ayi. Ndinaima kumiyendo, chapatali pang'ono, ndinagunda nsapato yawo ndi chala, n'kunena mawu a malemu amayi aja, akuti dzukani pang'onopang'ono, muli kwanu, kulibe chikuchitika. Anadzidzimuka zibakera zili kale m'mwamba, anayang'ana kukhomo, anayang'ana pawindo, kenako manja aja anamasuka. Ababa, ndinaona inu ndendende.

Mayi Gajewski anali akuona zonsezi. Anandifunsa kuti zimenezi anandiphunzitsa ndani, poti kusukulu ya unamwino saphunzitsa. Ndinamuuza kuti kwathu ndi mmene tinkadzutsira bambo athu, ndipo amayi anatiphunzitsa tisanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Zoona Ababa, ndinakula ndikuyesa kuti ana onse amatero. Iye anangoti hmm, n'kundilozera khomo lotulukira. Lolemba lija ndi pamene anandiuza kuti mayankho anga sanali oipa monga ndinkaganizira, koma chimene sanachiiwale ndi nsapato ija.

Musakwiye kuti ndaulula za m'nyumba. Kuno palibe amene anadabwa. Chipatala chonse n'chodzaza ndi azibambo okhala moyang'ana khomo, odana ndi makombola a pachikondwerero, osafuna kuwadzera kumbuyo. Moyo wanga wonse ndinkayesa kuti muli nokha, ndipo ndinkakumverani chisoni mwakachetechete. Muli ambiri, Ababa, ndipo akakhala pamodzi amaseka mpaka timachita kuwaletsa.

Bambo ndinawadzutsa aja ndi a Stan Dombrowski, ndipo tsopano ali m'manja mwanga. M'kamwa mwawo mulibe buleki. Dzina langa analikana, amangonditcha Mississippi, dzina la dera lakwathulo, ati ndimayankhula pang'onopang'ono moti munthu atha kumwalira chiganizo chisanathe. Ine ndinawauza kuti akapitiriza ndiwabaya jakisoni pang'onopang'ono momwemo. Anaseka mpaka kutsokomola.

Onse kuno amavala zipewa zolembedwa gulu limene anali kunkhondo, ena mpaka pogona. A Dombrowski anandifunsa kuti bambo anga anali gulu liti ku Vietnam. Ndinati sindikudziwa. Ati manyazi bwanji, mzimayi wamkulu ngati iwe osadziwa gulu la bambo ako! Ndinawauza kuti chipewa chanu chimakhala m'bokosi la nsapato pamwamba pa kabati, ndipo sindinakuonenipo mutachivala. Ati nawonso chawo chinakhalitsa m'bokosi. Ati ndikuuzeni kuti akufuna munthu woona mtima wosewera naye makadi, chifukwa a m'wodi muno onse ndi akuba.

Pali china chimene sindinanene. Nsapato ndinagunda ija inali yokhayo. Pansi pa bulangete, mwendo winawo umathera m'bondo. Ine ndinkangoti ndi za kunkhondo, ndipo Lachinayi ndikuwasambitsa ndinawafunsa ngati linali bomba. Anaseka ati bomba liti, Mississippi? Iwo anabwerako athunthu, opanda ngakhale kachipsera. Chifukwa cha chimenecho ankakana kuponda pachipatala chino, ati mabedi ake ndi a anzawo amene anavulala zenizeni, iwo sangakalande malo. Kenako inabwera shuga, ndi kachilonda kuchala chachikulu chakuphazi. Ankakaviika m'madzi amchere n'kuvalapo sokosi kuti akazi awo asaone, mpaka madokotala anachita kudula mwendowo. Ati adani anawaphonya nkhondo yonse, chinawapeza ndi liuma lawo lomwe, ali pakhomo pawo.

Ndinamaliza kuwasambitsa bwinobwino, ndinawaveka chipewa chawo, kenako ndinakadzitsekera mosungira nsalu n'kulira. Mawu amenewo ndinakula nawo. Nthawi zonse amayi akatchula chipatala cha asilikali, inu munkayankha chimodzimodzi, kuti munabwerako athunthu ndipo mabedi ndi a anzanu.

Achimwene a Roscoe anandiuza za phazi lanu. Musawakalipire, ndinachita kuwapanikiza. Akuti chichokereni Khirisimasi nsapato ya kutchalitchi simuvala, munang'amba silipasi kuti phazi likwane, ndipo kudamu kukawedza milamba munasiya. Inu kusiya kuwedza! Azakhali nawonso akuti masokosi mumachapa nokha masiku ano, mwamseri. Ndikuopa, Ababa. Ndaona kale mapazi ambiri a anthu a shuga ngati inu, ndipo ndikudziwa kumene zimenezi zimathera.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Sindikuti mubwere kuno, chisanu chake mungandinyoze nacho mpaka chaka chamawa. Ku Jackson kuli chipatala ngati chathu chino. Kalatayi ikafika, m'mawa mwake mukwere galimoto ya achimwene, mupite akakuoneni. Musati mudikire Isitala ithe, musati mubzale kaye tomato. Pepala lanu lotulukira usilikali lili m'bokosi lomwe lija, pansi pa chipewa, amayi anandionetsa. Mutenge zonse ziwiri. Ndikanatha ndikanabwera kudzakunyamulani ndekha, koma munthu wongoyamba ntchito sapempha tchuthi sabata yachiwiri.

Ndipo za bedi zija musandiuzenso. Tsopano mabediwo ndimayala ndine, ndi manja angawa, ndipo ndikukuuzani kuti simukulanda la munthu. Mukapita msanga mwina bedilo simulifuna n'komwe, akakutsukani chilonda, akakupatsani mankhwala, madzulo mwabwerera kudzadya chigumu cha azakhali. Ndikufuna m'chilimwe muno ndikabwera mudzanditengere kudamu mukuyenda ndi miyendo yanu iwiri, mudzandinyoze ngati kale kuti sindidziwa kukola nyambo.

Mupereke moni kwa azakhali a Earline, muwauze kuti kuno milamba amaikazinga ngati akuipepesa, ndipo ndasowa yawo. Moni kwa achimwene ndi alamu anga a Lutie, kwa amalume a Cleon ndi mawondo awo, ndi kwa onse a kwaya. Mukadutsa kumanda mukawauze amayi kuti mawu awo andipezetsa ntchito.

Ndikudziwa kuti muwerenga kalatayi nkhope itakwinyika, mwina muipinda pakati n'kuiponya patebulo. Palibe kanthu, ine ndazolowera kuima chapatali pang'ono mpaka manja amasuke. Ndili kumiyendo, Ababa, ndagunda nsapato. Dzukani pang'onopang'ono, koma mudzuke.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Vernice Tolliver, namwino wa boma