Mfuti m'chiuno mwa Vukota

Achimwene Milutin,

Landirani moni wochokera kuno ku Nikšić. Tili bwino, mapulamu abereka, sitikupempha kanthu.

Koma mwana wanga Vukota watenga mfuti yanga yam'manja ija. Ine zaka makumi atatu ndinkainyamula m'chikwama chake chachikopa, mumpope mulibe chipolopolo, chifukwa ilibe chotsekera, ikagwa ikhoza kulira yokha. Iye akungoisomeka m'chiuno ili yotcheratchera.

Ndinati, "Iwe, udzadziswa mwendo!"

Anaseka. "Ababa, mdani sadikira kuti utchere."

Mdani wake uti? Sananene. Koma chiyambireni mkangano wa malire ndi aneba athu a Zeković, sakudya bwino.

Muimbireni foni, inu amakumverani. Zina ndikananena, koma amene akundilemberayu ndi mkazi wa Vukotayo.

Ndine mng'ono wanu,
Radosav