Thanki Yogwedezeka ya ku Makata

Amayi,

Pepani kuti ndikukusokonezani pamene mukupumula. Kodi kumeneko muli bwanji? Ife ku Chigumula kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo.

Chimanga cha kuseri kwa nyumba sichinachite bwino chaka chino. Achemwali a Esinati ali ndi mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Inenso ndili ndi pakati. Amuna anga ndi a Yohane, simunawaone. Amawotcherera zitsulo pa kampani yomwe ine ndimakolopa, ku Makata.

Kampaniyo yaimika thanki ya gasi, yayitali kuposa bulugamu. Asanapange thanki yotere, a injiniya amayamba aijambula pa kompyuta, kenako amaiwombetsa mphepo momwemo kuti aone mmene mutu wake ungapendekere. Ukapendekeka mopyola muyeso chithunzi chimafiira, ndiye amawonjezera chitsulo chokhuthala m'munsi. Anandifotokozera okha a injiniyawo, ataona kuti ndimachiyang'anitsitsa ndikamapukuta tebulo. Masiku onsewo chinali chofiira.

Tsiku lina ndikupereka tiyi, abwana analowa. Anati, "A Phiri, zitsulo tinagula kale, mukufuna tizidye? Mphepo mwaikayo ndi ya pamwamba pa Mulanje, kuno kulibe. Tsitsani, bambo." A Phiri, a injiniya aja, anatembenukira ku kompyuta. Anadinadina, chithunzi n'kukhala chobiriwira. Chitsulo sanawonjezere, Amayi. Anangochepetsa mphepo ya mu kompyuta.

Tsopano thankiyo yaima, ndipo chiperoni chayamba. Paja inu munkati, "Chiperoni n'chakwathu ku Mozambiki, koma sichidziwa m'bale." Dzulo ndinaima pa geti, ndinaona ndi maso angawa mutu wa thanki ukupita uku ndi uku. Lolemba a Yohane akwera pamwamba pake kukawotcherera mapaipi.

Sindinawauze. Munandiphunzitsa kuti za m'nyumba ya eni zimatsala pakhomo pomwepo. Komanso a Yohane sasunga mawu. Akakana kukwera adzanena kuti anamva kwa ine, atichotsa tonse awiri, mwana ali m'njira. Mwinanso sindinamvetse bwino, ine wolekezera Sitandade sikisi. A Phiri ndinafuna kuwafunsa, koma nditafika pa tebulo lawo ndinangotenga kapu n'kutuluka. Kunyumba a Yohane akandifunsa chifukwa chake sindikudya, ndimati ndi mimbayi.

Amayi, kusamvera inu sindinazolowere. Koma ndikukulonjezani kuti mdzukulu wanuyu sindimusiya abadwe wopanda bambo chifukwa cha manyazi anga. Lamulungu pochokera ku tchalitchi ndiwauza a Yohane zonse, ntchito ithe ngati ikutha. Ngati mukuona kuti ndikulakwa, chonde ndiyankheni msanga, ngakhale kumaloto, Lamulungulo lisanafike.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi