Chifukwa Chake Yotamu Amadya Chiimire

Amayi, kodi kumene muliko mwadzuka bwanji? Ife kuno ku Kafue tiliko. Chimanga cha kumunda wanu ku Shimabala chachita bwino, ngakhale mbuzi za aneba zinayamba kukolola ife tisanayambe. Mkazi wa Yotamu wabereka mwana wamkazi ndipo tamupatsa dzina lanu. Ukali wake akamalira ndi wa mwini dzina.

Dalitso wanga wakhoza mayeso, ndipo amusankha kusukulu yogonera komweko ija anaphunzirako Yotamu. Ndikudziwa mukanavina. Muli m'chipatala munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Dalitso akapite kumene anapita amalume ake." Ndinavomera. Koma Amayi, sindimutumizako. Ndimvereni kaye musanakwiye.

Mukukumbukira kuti Yotamu anachoka pano ali mwana wolongolola, woti munkachita kumuletsa kuimba pakudya. Anabwerako akudya chiimire, msana kukhoma, mkono utazinga mbale, kumeza osatafuna. Chitseko chikamenyeka ankadzidzimuka. Inu munati izi si zachabe, ndipo munaloza chala azakhali a ku Chanyanya, omwe munkagulitsa nawo nsomba, kuti amulodza chifukwa cha nsanje. Tinazungulira naye kwa asing'anga, kenako kwa abusa a m'matenti amene ankamukuwira m'khutu kuti chiwanda chituluke. Mwapita musanalankhulane ndi azakhali.

Pamaliro anu panabwera anzake a Yotamu a kusukulu ija, amuna akuluakulu tsopano, wina wa kufakitale, wina woyendetsa basi, wina mphunzitsi. Ndine ndinawapatsa nshima. Mipando inalipo, koma palibe amene anakhala. Onse anaima kukhoma la nyumba yanu, mikono itazinga mbale, maso uku ndi uku. Ndinangoti kakasi ndi beseni la madzi m'manja, ndikudzifunsa kuti, kodi azakhali analodza onsewa?

Zotsatira za Dalitso zitatuluka, Yotamu anabwera kwathu. Anaima pakhomo nachonderera kuti, "Basisi, uyu mwana osamupeleka kuja. Napapata." Nditamufunsa chifukwa, anati, "Kuja ukankhala pansi, mbale yayenda. Banyamata bakulu benze kutipoka vakudya, maticha benze kuona chabe. Ukapita kukakamba ku ofesi, ni iwe bamenya, ati mwamuna salila."

Anandiuza za kugwada pamiyala dzuwa likuswa mtengo, ndi za kukumba dzenje n'kulikwiriranso. Za kuchipinda chogona anangoziyamba, mawu n'kumuthera, ndipo sindinamukakamize. Kenako anati, "Na ine nitakula ninamenya bang'ono, basisi. Ni mwamene sukulu yenze kuyendela."

Akuti anayesa kukuuzani pa holide yoyamba kuti sakufuna kubwererako. Inu munayankha ndi mwambi wanu uja wakuti walira mvula walira matope. Anayang'ana manja anu ong'aluka ndi mchere wa nsomba, n'kutseka pakamwa mpaka chaka chino. Sindikukuimbani mlandu, Amayi. Makolo onse ankayankha choncho, ndipo akuluakulu a sukuluyo ankadziwa kuti mwana wodandaula adzabwezedwa ndi amake omwe. Chikundipweteka n'chakuti tonsefe tinkafufuza mfiti pachibale, pamene zinthuzo zinkachitika masana, anthu olipidwa kusamalira ana akuonerera.

Anzake aja ndawafunsafunsa. Wa basi anamira mumowa. Wa kufakitale, ana ake amathawira kuseri akamva mapazi ake. Mphunzitsi uja akuti ndodo yake siigona. Mkazi wa Yotamu nayenso watha zaka akudzifunsa chomwe analakwa kuti mwamuna wake asamakhale naye pamphasa. Mkaziyu ndi ana onsewa sanapondeko pageti la sukuluyo, koma akulawa nawo zowawa zake. Anthu akuti masiku ano kusukuluko kunasintha. Mwina. Koma sindinamve aliyense wa kumeneko akuvomera kapena kupepesa.

Dalitso wakwiya, akungondiyankha ndi mapewa. Anzanga a kutchalitchi akuti ndikutaya dalitso, ndipo wina anafuna kundipempherera. Koma Dalitso aphunzira konkuno, azibwera kunyumba madzulo.

Loweruka lapitali ine ndi Yotamu tinapita ku Chanyanya. Azakhali akalamba, mawondo akuwavuta. Ndinawafotokozera zonse, ndipo sanatchule za kale ngakhale limodzi. Anangoti, "Mwabwela, mwachita bwino," n'kukaphika nsomba. Atapakula, Yotamu anatenga mbale yake n'kukaima kukhoma monga mwa masiku onse. Azakhali anamuyang'ana, anadzuka movutikira, natenga yawo n'kukaima pafupi naye. Yotamu anati, "Nkhalani pansi, ba anti." Iwo anati, "Nizankhala ukankhala."

Amayi, mwana wanu anakhala pamphasa. Anadya pang'onopang'ono, akuchotsa minga imodziimodzi, ndipo mbale yake palibe amene anaikhudza. Ndinalira, chifukwa pamphasapo panatsala malo okwana inu.

Mundikhululukire kuti lonjezo la m'chipatala lija ndaliphwanya. M'malo mwake ndikulonjeza ichi: mvula isanagwe ndibwera ndi azakhali kumanda anu kuti mudzapatsane moni, ndipo tsiku limene Dalitso adzanene kuti kwinakwake sakufuna kubwererako, ndidzamufunsa chifukwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tisa