Esinati wa m'Buku Lanu

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno tilipo. Kachewere wachita bwino chaka chino, ngakhale ogula a ku Lizulu akutipondereza pa mtengo. Kwa achimwene kwabadwa mwana wamkazi, koma dzina lanu alikana.

Nkhani yaikulu ndi yoti mwatchuka. Inu amene kwaya inakana kukuimbirani pamaliro chifukwa cha buku lanu lija, lero anthu a ku yunivesite akubwera pa galimoto kudzajambula manda anu. Akuti munali mkazi wolimba mtima, wolemba poyera zimene akulu a mpingo amachita kuseri. Ndinaseka mpaka misozi.

Palibe mlendo amene wafunsa kuti Esinati wa m'bukumo ndani. Kuno ku Kandeu aliyense akudziwa kuti mtsikana wopatsidwa mimba uja ndine. Ndinakuululirani tikupalira, ndikulira, inu n'kunena kuti, "Usauze munthu, mwanawe." Kenako munauza dziko lonse. Mwamunayo munamubisa bwino. Ine munangondisintha dzina, chipsera changa cha pachibwano n'kuchisiya momwemo. Mpaka lero kuchigayo amandiitana Esinati. Mnyamata amene anandifunsira anabweza mawu atangomva za bukulo.

Munkakonda kunena kuti, "Cholembera changa sichiopa munthu." Nanga bwanji sichinalembepo za inu?

M'sutikesi mwanu ndapezamo makope atatu, buku lachiwiri losamaliza, ndipo alendo aja akulifuna. Ndaliwerenga. Ulendo uno mwamutchula mwamuna uja ndi mfunda wake womwe, ndipo mwalowetsamo Tadala, mdzukulu wanu wa mimba ija. Tadala tinamuuza kuti bambo ake anafera ku Joni. Ali Folomu 3, kalasi imodzi ndi mwana wina wa mwamuna uja. Mumafuna kuti akazimvere pakamwa pa anzake?

Masamba a Tadala ndathothola. Ndimuuza ndekha, tili awiri, ndipo zikathera pomwepo.

Kope lachitatu lili ndi masamba osalemba. Amenewo ndilembamo ine, kenako alendowo atenge. Ndilemba za mayi wina wa ku Kandeu amene mwana wake akumulirira pachifuwa, iye m'mutu ankasankha mawu okoma oyambira ndime. Mayiyo sindimusintha dzina.

Ndimakukondanibe, Amayi, ndipo n'chimene chimandipweteka. Mvula ikatha ndibwera kudzalambula pamanda, ndidzakuwerengereni.

Ine mwana wanu,
Lusiya, osati Esinati