Zitenje za Felistas Pawaya

Lolemba, 2 Juni

Kuzizira. M'mawa ndaimanso panja ngati mlonda, kudikira Zipporah avale yunifolomu. Chipinda chimodzi, bambo ndi mwana wamkazi woti wakula. Ndiwo moyo wathu muno m'komboni ya Kwacha chisamukireni m'nyumba yaikulu ija, amayi ake atamwalira. Pawindo tinatseka ndi katoni.

Alamu anga a Fridah, akulu ake a malemu mkazi wanga Felistas, aimba foni kuchokera ku Petauke. Akubwera pa 14 kudzagawa zovala za m'bale wawo. Ati pobwerera atenga ndi mwana yemwe, poti mwamuna yekha sangasunge namwali m'chipinda chopanda ngakhale chotchinga. Sindifuna apite. Ndatsala ndi iye yekha.

Lachitatu, 4 Juni

Nditaweruka kuntchito ya matayala ndinadzera kumsika wa Chisokone. Telala anatchula mtengo wa makatani, ndinaseka, iyenso anaseka, tinasiyana bwino. Ndagula waya ndi misomali basi.

Nsalu ilipo. Sutikesi ya Felistas yadzaza zitenje. Koma za malemu sizidulidwa, sizisokedwa, mpaka abale atagawana. Zipporah ndiye anati, "Atate, nanga tikangopachika chabe? Sitidula, sitisoka." Mutu wa amayi ake.

Loweruka, 7 Juni

Msomali khoma ili, msomali khoma lina, waya pakati. Zitenje tinangoziyanika. Zinakhala bwino mpaka nditatsegula chitseko. Mphepo, zonse pansi, china m'beseni la madzi. Munthu wokonza matayala a malole kugonja ndi nsalu. Zipporah anaseka mpaka kukhala pansi. Chiyambire maliro ndinali ndisanamve kuseka kumeneko.

Tinayambiranso. Mapegi oyanikira zovala ali ndi kabowo pasipuling'i. Waya walowa pamenepo, pegi yaluma chitenje, katani ikuyenda uku ndi uku. Kunsi tapinda pang'ono, taikamo manati achitsulo akale a kuntchito, tapana ndi pegi kuti mphepo isanyamule. Zitenje zobiriwira pakati pa chipinda, cha maluwa achikasu pawindo. Katoni ndakolezera mbaula.

Lamulungu, 8 Juni

Ndamangira tayi m'nyumba, mwana akuvala mbali yake. Kutchalitchi sitinachedwe.

Chokhacho, fungo. Zitenje zikununkhira mafuta amene Felistas ankadzola. Katani ikagwedezeka ndimatembenuka. Ndamusowa kwambiri lero.

Lachinayi, 12 Juni

Amayi eni nyumba ati dzuwa lidya mtundu wa chapawindo. Ndinayang'ana, zoona, chayamba kuyera pakati. Ndaika thumba la ufa kumbuyo kwake, koma zachedwa. A Fridah maso awo saphonya kanthu. Paukwati wathu anaona kuti nsapato zanga zinali zobwereka.

Ndinaganiza zotsitsa zonse, kupinda, kubweza m'sutikesi ngati sitinagwire. Ndiye adzapeze chipinda chili mbee? Zikhala pomwepo. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Loweruka, 14 Juni

A Fridah afika masana. Moni wa pakhomo, madzi akumwa, kenaka maso pawaya. Anaimirira, nagwira chitenje chobiriwira, nachinunkhiza. Ndinafotokoza kuti sitinadule, sitinasoke, aone okha. Sanandiyang'ane n'komwe.

Anayamba kuchotsa mapegi. Manati anagwa pansi, ine kumatola ngati mwana. Anapinda zonse, ndi chapawindo chomwe. Malo oyera aja anawaona, napitiriza kupinda. Bedi la Zipporah linatsala poyera.

Madzulo anagawa zam'sutikesi, ichi cha uje, ichi cha uje, mpaka thumba lawo kudzaza. Zipporah wachapa zovala zake zonse osauzidwa, kukonzekera ulendo. Ine ndikagona kwa mnzanga Lighton kuti alendo apeze malo. Chakudya chandikanika.

Lamulungu, 15 Juni

Ndinabwera m'mawa kudzawaperekeza kubasi, mtima uli m'mwamba. Ndinapeza a Fridah pampando pakhomo, magalasi pamphuno, chitenje chobiriwira pamiyendo, singano m'manja. Akusoka mpendero wolowetsamo waya. Cha maluwa achikasu chili kale pawindo, chosokedwa.

Anati, "Alamu, mapegi ni ya zovala zonyowa. Mwana wa m'bale wanga sangagone kumbuyo kwa mapegi." Anadula ulusi ndi mano, nandiuza ndigwire waya bwino, ndisaimirire ngati mtengo.

Chosokedwa sichigawidwa. Akudziwa, inenso ndikudziwa. Ndinangogwira waya.

Kubasi anakwera okha. Ati adzabwera pa Khirisimasi kudzaona ngati mwana akunenepa, ndipo manati anga asadzawapezenso m'nyumba.

Ndabwerera. Katani yatsekedwa. Kunsi kwake kukuoneka nsapato za kusukulu, zopukutidwa kale. Mawa ndi Lolemba.